Funsani Amisiri: Shawa ndi yatsopano koma khoma lanyowa kale

FUNSO: Amisiri ndithandizeni mutu waima. Tinaikitsa matailosi mu shawa miyezi iwiri yapitayo, ndalama zinapita osati masewera, koma pano khoma la kuchipinda kwa ana lomwe lagundana ndi shawayo layamba kunyowa cha mmunsimu, penti ikutupa nkumasupuka, pakutuluka tinthu toyera ngati mchere komanso kafungo ka chuku. Woika matailosi akuti vuto ndi la pulambala, pulambala naye akuti mapaipi ake ali bwinobwino. Bambo a kunyumba akuti tingogumula zonse. Titani? Mayi wa ku Area 49, Lilongwe

YANKHO: Mayi, auzeni bambowo hamala aibise kaye, mukhoza kuphwanya matailosi abwinobwino chonsecho vuto lili pa kabowo kamodzi. Tipeze kaye komwe madziwo akuchokera, ndipo muziyesa chinthu chimodzi pa nthawi osati zonse tsiku limodzi, mungasokonezeke.

Yambani ndi pulambala poti ndiye wosavuta kumugwira. Usiku pogona tsekani mipopi yonse, toileti asagejemule munthu, jambulani manambala a pa mita ya madzi ndi foni, mmawa mukaonenso. Ngati yayenda ndiye kuti penapake pakudontha, mwina pa joini ya paipi ya mkhoma, ingotsimikizani kuti si thanki ya toileti yomwe ikuba madziwo. Kenako shawayo ipume sabata yathunthu, muzisambira kwina, ndipo lembani ndi pensulo polekezera chinyonthocho. Chikamakulabe palibe akusambamo, pulambala abwere basi. Chikayamba kuuma ndiye kuti ndi madzi osamba omwe akulowa.

Apa mpomwe anthu ambiri amanamizidwa, amati ukaika matailosi madzi sangadutse. Tailosi payokha inde, koma girauti, zija amamata mmipata zija, zimamwa madzi, simenti yomatira nayo imamwa, ndiye ngati mmisiri wanu sanapake waterproofing, mankhwala aja otchinga madzi, pa pulasitala asanayambe kuika matailosi, madzi amangoyenda mpaka pa njerwa, ndipo njerwa zathu zootchazi mukuzidziwa mmene zimamwera. Zoyera mukuzionazo ndi mchere wa mu simenti ndi njerwa, madzi akamauma amausiya pamwamba. Mfunseni maso ndi maso kuti anapaka chani, chigubu chake chinali chotani. Akayamba chibwibwi mwadziwa kale.

Kuyesa pansi, tsekani dreni bwinobwino, thirani madzi afike masentimita 3 kapena 4, ikani chizindikiro, akhale maola 24. Akatsika, kapena kuchipinda kuja kukanyowanso, vuto lili pansi, mmakona kapena mozungulira dreni. Akapanda kutsika tengani hosipaipi muzithira khoma kuyambira mmunsi kumakwera pang'onopang'ono wina ali kuseri akuyang'ana, koma musapupulume, chinyontho chimatha kuonekera mawa lake. Vulani kambale kachitsulo ka pa mikisa, mpopi uja wosakaniza madzi otentha ndi ozizira, muone, nthawi zambiri kuseri kwake kumakhala chibowo chosamata chomwe madzi amalowera tsiku ndi tsiku. Mmakona ndi pomwe khoma lakumana ndi pansi pamafunika silikoni, girauti pamenepo imang'aluka. Gogodaninso matailosi ndi kiyi, ikamalira ngati ng'oma ndiye kuti anangoika simenti ya madonthomadontho, kuseri kuli mphako zosunga madzi. Onaninso ngati madzi akumadikha mukatha kusamba, pansi pamayenera kupendekera ku dreni, pafupifupi masentimita 2 pa mita imodzi.

Koma ngati nyumbayo ndi yongomanga kumene ndipo makoma enanso akunyowa mmunsi maka nthawi ya dzinja, shawa musainamizire, funsani ngati anaika DPC pa fandeshoni, chipepala chija chotchinga chinyontho cha mdothi kuti chisakwere mkhoma.

Silikoni ndi kabowo ka pa mikisa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma mukapeza kuti waterproofing kunalibe, kupaka girauti ina pamwamba nkungotaya ndalama, matailosi apansi ndi a mizere ya mmunsi achoke ndithu, ndipo ngati woikayo simunamalize kumulipira yotsalayo igwireni kaye. Penti ya kuchipinda kwa ana musathamangire, khomalo liyambe lauma.