Za ulendo wa ku Ho Chi Minh City nthawi ya Tết

Achemwali, mwafunsa ngati ndi nzeru kupita ku Ho Chi Minh City, m'dziko la Vietnam, mu Febuluwale, poti mwamva kuti imakhala nyengo ya chikondwerero, ndipo mukufuna kukaona mzinda komanso kukapikula zovala za shopu yanu. Ndinakhalako zaka ziwiri ndikuphunzitsa Chingelezi, ndiye mundilole nditambasule pang'ono.

Zolinga zanu ziwirizo sizigwirizana kwenikweni. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chikondwerero chomwe mwamvacho ndi Tết, chaka chatsopano chowerengedwa motsata mwezi wakumwamba, choncho tsiku lake limasuntha: mu 2025 linali 29 Januwale, mu 2026 ndi 17 Febuluwale, mu 2027 ndi 6 Febuluwale. Musanalipire tikiti, yambani mwaona tsikulo.

Vuto lake nali. Anthu ambiri a mumzindawu, womwe eni ake amautchulabe kuti Saigon ngakhale dzina linasinthidwa mu 1976, kwawo ndi kumidzi, ena ku chigawo cha mtsinje wa Mekong, ena kumpoto kutali. Tết ikayandikira onse amalongeza n'kupita kwa makolo. Taganizani mmene mabasi amadzadzira kwathu kuno pa Khirisimasi, koma kumeneko ndi dziko lonse nthawi imodzi, sitima ndi ndege zomwe. Misika yopikulako zovala monga An Đông ndi Tân Bình, ngakhalenso Bình Tây wa ku Chợ Lớn, imatsekedwa kwa masiku angapo. Osoka amakhala atapita, otumiza katundu kunja nawonso kulibe. Akabwerako satsegula limodzi, aliyense amasankha tsiku lomwe akuliona kuti ndi lamwayi. Mukafika sabata imeneyo ndi ndalama za geni, mudzangoona zitseko zamalata zokhomedwa, hotelo ikukudyani. Ngati cholinga chachikulu ndi katundu, pitani pakatha masabata awiri kuchokera pa tsiku la Tết, kapena mu Malichi.

Koma ngati mtima uli pa kuona, ndinganene kuti zokoma zili m'masiku khumi Tết isanafike, osati pa tsiku lenilenilo. Apa ndiye mzinda umachita kuwira. Mudzaona bambo atamangirira mtengo wathunthu wa maluwa achikasu pa njinga yamoto, iye osaoneka n'komwe, ngati mtengowo ukudziyendetsa wokha. Maluwawo amati hoa mai, ndipo ndi a kumwera. Ku Hanoi, kumpoto, amakonda ofiirira a pichesi. Mukapite ku Bến Bình Đông, m'mbali mwa ngalande, komwe maboti ochokera ku Mekong amakocheza atadzaza maluwa. Ine ndinkangokhala pamenepo ndi khofi wanga wa ayezi ndi mkaka wotsekemera, kumaonera amayi akunenerera mitengo, ndipo kunenerera kwake akuposa ife a mu Limbe. Patatsala sabata imodzi, pa 23 mwezi wawo womaliza, mabanja amatsazikana ndi Ông Táo, mzimu wa kukhitchini womwe amati umapita kumwamba kukapereka lipoti la banjalo. Kenaka msewu wa Nguyễn Huệ amausandutsa dimba la maluwa, mwambo womwe unayamba mu 2004, ndipo usiku wolowa chaka amaphulitsa makombola m'mbali mwa mtsinje wa Saigon.

Kukacha, zii. Misewu yomwe dzulo munkaopa kuwoloka mukhoza kuyendamo pakati. Chaka changa choyamba sindinagule chakudya chosunga, poganiza kuti mayi wogulitsa mpunga pafupi ndi nyumba adzakhalapo monga mwa masiku onse. Ndinatha masiku awiri ndi buledi ndi mazira. Malesitilanti a alendo pakati pa mzinda ena amatsegula, koma mtengo amawonjezera ndipo samabisa.

Mukachita mwayi woitanidwa pakhomo pa munthu, musakane, chifukwa Tết yeniyeni imachitikira m'nyumba. Koma tsiku loyamba musangotulukira musanaitanidwe. Iwo amakhulupirira kuti munthu woyamba kuponda pakhomo ndiye amabweretsa mwayi kapena tsoka la chaka chonse, ndipo ambiri amamusankhiratu. Tsikulo sasesa, kuopa kusesera kunja chuma. Ali ndi kanenedwe koti tsiku loyamba ndi la kuchimuna, lachiwiri la kuchikazi, lachitatu la aphunzitsi. Ine ana asukulu anandipeza lachitatulo, ndipo ndinasowa powakhazika. Valani zowala, zofiira kapena zachikasu, osati zakuda zokhazokha. Tengani timaenivelopu tofiira muikemo ndalama zatsopano zopatsa ana, amati lì xì, ndipo perekani ndi manja awiri monga timachitira kwathu. Moni wake ndi "Chúc mừng năm mới", mukalakwitsa katchulidwe adzaseka koma adzakondwa. Adzakupatsani bánh tét, mpunga wonanda wokhala ndi nyemba ndi nyama ya nkhumba mkati, wokulungidwa m'masamba a nthochi n'kuphikidwa maola ambiri, komanso nkhumba yophikidwa ndi mazira m'madzi a kokonati. Ngati simudya nkhumba nenani msanga, chifukwa imapezeka pafupifupi m'mbale iliyonse. Pabalaza pamakhala guwa la makolo, zithunzi, zipatso ndi lubani. Ine palibe anandikakamiza kufukiza, ndinkangoima mwaulemu.

Maholide ena sasokoneza malonda chonchi. Pa 30 Epulo amakumbukira kutha kwa nkhondo mu 1975, n'kulumikiza ndi 1 Meyi, koma Epulo kumatentha koopsa. Pa 2 Sepitembala ndi tsiku la ufulu, lomwe mtsogoleri wawo Ho Chi Minh analengeza mu 1945. Chomwe ndingakulimbikitseni, ngati Febuluwale angasinthike, ndi Trung Thu, chikondwerero cha ana chomwe chimagwa mu Sepitembala kapena koyambirira kwa Okutobala. Msewu wa Lương Nhữ Học umadzadza nyali zamapepala, magule a mikango amavinidwa m'misewu, ndipo misika yonse imakhala yotsegula. Ndiye kuti masana mukupikula, madzulo mukuonera. Chovuta ndi mvula yokha, poti dzinja lawo limayamba mu Meyi mpaka Novembala, koma kawirikawiri imagwa yamphamvu chakumasana n'kukata.

Za viza musavutike: kuyambira mu Ogasiti 2023 anthu a mayiko onse amafunsira pa intaneti, ya masiku mpaka 90, ndipo yolowera kamodzi ndi madola 25. Ingoonetsetsani kuti muli pa tsamba la boma lenileni, ndipo nthawi ya Tết maofesi nawo amatseka, choncho funsirani kudakali nthawi. Mukatera pa bwalo la ndege la Tân Sơn Nhất gwiritsani ntchito Grab, apu ya pafoni yoitanira takisi, mtengo umaoneka musanakwere. Powoloka msewu yendani pang'onopang'ono osabwerera m'mbuyo, njinga zidzakuzembani zokha. Foni musamaigwire chamumsewu, akuba a pa njinga amatsomphola. Ndalama zawo, ma dong, zili ndi maziro ambiri, ndipo ya 20,000 ndi ya 500,000 zimafanana mtundu, muziyang'anitsitsa musanapereke.

Tandiuzani masiku enieni a tchuthi chanu, tione ngati mungafike patatsala masiku khumi kuti Tết ifike, mupikule katundu n'kumutumiza m'masiku atatu oyamba, otsalawo mukaonere maluwa.