Kusintha sprintf kukhala snprintf sikunathetse vuto lanu

Achimwene, ndiyambe ndi kubwereza nkhani yanu kuti tione ngati ndamva bwino. Muli ndi driver ya netiweki ya Linux imene imatulutsa ziwerengero za queue (mzere wa mapaketi) iliyonse mu fayilo ya debugfs, malo amene kernel, mtima wa Linux, imaonetseramo zothandiza kusaka zolakwika. Munali ndi buffer (malo a memory osungiramo mawu) ya mabayiti 256 pa stack ndipo mumalembamo ndi sprintf, function yolemba mawu osayang'ana malire. Pa laputopu zinkayenda bwinobwino, koma pa seva ya ma CPU ambiri kernel inagwa. Mwasintha paliponse panali sprintf n'kuikapo snprintf, imene imapatsidwa malire a buffer, kugwa kwasiya, koma tsopano kumapeto kwa fayilo kukutuluka zilembo zosamveka. Ndiye mukufunsa ngati kukulitsa buffer kufika pa 4096 kungathetse nkhaniyi.

Sikungathetse, kungochedwetsa chabe. Ndipo zilembo zosamvekazo musazione mopepuka ayi. Imeneyo ndi memory ya kernel imene ili kuseri kwa buffer yanu, ndipo mukuipereka kwa wowerenga fayiloyo. Mwayi wanu ndi woti nthawi zambiri debugfs amaitsegula ndi root yekha, mwini mphamvu zonse pa makinawo. Code yomweyo ikanakhala mu proc, kumene mafayilo ambiri amawerengedwa ndi aliyense, bwenzi tikukamba za chibowo cha chitetezo.

Gwero lake ndi nambala imene snprintf imabweza. Ambiri amaganiza kuti imabweza kuchuluka kwa zilembo zimene yalemba. Si choncho. Malinga ndi C99, malamulo a chilankhulo cha C, imabweza kuchuluka kwa zilembo zimene ikanalemba malo akanakhala okwanira. Ndikukhulupirira kuti loop yanu ili ndi mzere wonga uwu:

len += snprintf(buf + len, size - len, ...);

Apa buf ndi buffer, size ndi kukula kwake, len ndi zimene zalembedwa kale. Tiyeni tiuyendetse ndi manambala. Buffer ndi ya 256, len yafika pa 240, mzere wotsatira uli ndi zilembo 40. Apa snprintf ilemba zilembo 15 ndi ziro wotsekera (bayiti yosonyeza mapeto a mawu), sidumpha malire, koma ibweza 40. Tsopano len ndi 280. Ulendo wotsatira mukuiuza kuti iyambire pa buf + 280, pamalo amene si anu, ndipo size - len yakhala -24. Popeza parameter imeneyo ndi size_t, yosadziwa nambala yochepera ziro, -24 uja amasanduka chinambala chachikulu zedi, ngati kuti mwaiuza kuti malo alipo osatha. Chimene chakupulumutsani n'chakuti vsnprintf ya Linux, imene snprintf imaitana mkati mwake, imakana size yoposa INT_MAX, nambala yaikulu kwambiri ya int: imalemba chenjezo kamodzi n'kubweza 0 osalemba kanthu. Tayang'anani mu dmesg, mmene mumaoneka mauthenga a kernel, muyenera kupezamo WARNING yotchula lib/vsprintf.c. Koma len yatsalabe pa 280, ndipo mukaipereka kwa simple_read_from_buffer, iyo imakopera mabayiti 280 kuchokera mu buffer ya 256. Mabayiti 24 apamwambawo ndiwo zinyalala mukuonazo. Kulemba kunja kwa malire mwakuletsa, koma kuwerenga kunja kwa malire mwakutsegulira khomo.

Mankhwala apafupi ndi scnprintf, imene ili mu kernel chifukwa cha vuto lomweli. Iyo imabweza zimene yalembadi, osawerengera ziro wotsekera, choncho len singapitirire size - 1 ngakhale loop izungulire kangati. Mu 2020 Takashi Iwai, amene amayang'anira gawo la sound mu Linux, anatumiza ma patch ambirimbiri m'ma driver osiyanasiyana ongosintha snprintf kukhala scnprintf m'ma loop ngati anuwa. Ndiye musadzione ngati mbuli, msampha umenewu unakola ndi akatswiri omwe. Ngakhale strlcpy inali ndi khalidwe lofananalo lobweza utali wa gwero m'malo mwa zimene yakopera, ndipo inachotsedwa mu kernel 6.8, pamalo pake pali strscpy.

Komabe ine sindingakulangizeni kuti muimire pa scnprintf. Imateteza memory, koma imadula mawu mwakachetechete. Nambala 1048576 ikadulidwa pakati imatuluka 104, ndipo pulogalamu yoyang'anira seva idzailandira ngati nambala yoona, osadandaula. Ma queue akumapeto sadzaoneka n'komwe. Pa ziwerengero, bodza looneka ngati zoona ndi loipa kuposa fayilo yokana kutseguka.

Tibwere pa 4096 wanuyo. Muwerengereni ndi nambala yaikulu kwambiri imene ingatuluke, osati imene mukuiona lero. Counter ya u64 (nambala ya mabiti 64) ikhoza kufika 18446744073709551615, manambala 20. Ya u32 imathera pa 4294967295, manambala 10, ndipo int yochepera ziro ikhoza kutenga zilembo 11 pamodzi ndi chizindikiro chake. Poyesa pa laputopu ma counter amakhala ndi manambala atatu kapena anayi, n'chifukwa chake zonse zimaoneka zokwana. Koma chingwe cha 10 Gbit chikadzaza chimadutsa mabayiti 4294967295 pasanathe masekondi anayi. Tinene kuti mzere uliwonse uli ndi dzina la queue ndi ma counter anayi: dzina zilembo 16, ma counter anayi kuchulukitsa ndi 21 (manambala 20 ndi mpata umodzi), zonse pamodzi 100. Mu 4096 mulowa mizere 40. Khadi imene imatsegula queue imodzi pa CPU iliyonse, pa makina a ma CPU 64, yadumpha kale malire. Ndipo kernel ya x86-64 ikhoza kumangidwa yolandira ma CPU mpaka 8192. Nambala iliyonse imene mungasankhe lero, makina oiposa alipo kale kwinakwake.

Palinso china. Stack ya kernel pa x86-64 ndi 16 KB basi, ndipo mukugawana ndi ma function onse amene anakuitanani. Kuikapo buffer ya 4096 ndiye kuti mwadya gawo limodzi mwa magawo anayi nokha. Pomanga mudzalandira chenjezo, chifukwa malire a CONFIG_FRAME_WARN pa makina a 64-bit nthawi zambiri amakhala 2048.

Chimene ndingachite ine n'kusiyiratu kuwerengera malo pamanja. Pa debugfs ndi proc pali seq_file, njira ya kernel yoyendetsa buffer m'malo mwanu. Mumalemba function imodzi ya show yodzaza ndi seq_printf, n'kuimangirira ndi single_open kapena DEFINE_SHOW_ATTRIBUTE, basi. Mulibe len, mulibe size, mulibe buf + len. Mkati mwake seq_file imayamba ndi buffer ya page imodzi (chigawo cha memory cha mabayiti 4096 pa x86-64). Ikaona kuti zolemba sizinakwane, imataya buffer ija, imatenga ina yaikulu kawiri, n'kuitananso show yanu kuyambira pachiyambi, mpaka zonse zitalowa.

Mawu oti "kuitananso" muwagwiritsitse, chifukwa apa ndi pamene anthu amapunthwa. Show yanu ikhoza kuyenda kawiri kapena katatu pa kuwerenga kumodzi. Ngati mkati mwake mumawerenga counter kenako n'kuibwezera pa ziro, ulendo woyamba udzafufuta manambala, wachiwiri n'kusindikiza maziro okhaokha, ndipo izi zidzachitika pa makina akuluakulu okha kumene page imodzi sikwana. Vuto lotere limadya masiku kulisaka. Show izingowerenga, isamasinthe kanthu. Kufufuta ma counter kukhale ndi fayilo yake yolembamo. Ndipo ngati mizere ndi masauzande, musaiunjike mu single_open. Gwiritsani ntchito start, next, stop ndi show, kuti show iliyonse izilemba mzere umodzi ndipo buffer isamakule popanda chifukwa.

Sindikunena kuti seq_file inatsika kumwamba. Mu July 2021 ofufuza a Qualys analengeza CVE-2021-33909, imene anaitcha Sequoia: buffer ya seq_file inkatha kukula mpaka size_t ija, posandutsidwa int, inkakhala yochepera ziro, ndipo munthu wamba ankatha kufika pa root pogwiritsa ntchito ma directory olowerana otalika kupitirira 1 GB. Onani kuti ndi mtundu womwewo wa cholakwa, kusakaniza size_t ndi int. Kusiyana kwake n'koti chinakonzedwa pamalo amodzi ndipo aliyense wogwiritsa ntchito seq_file anapindula, pamene cholakwa cha mu loop yanu chidikira inu nokha.

Mukadzafuna kuika zina mu sysfs, malo ena amene kernel imaonetseramo mafayilo a zipangizo, malamulo ake ndi ena. Kumeneko mumapatsidwa buffer ya page imodzi, siikula, ndipo mwambo wake ndi fayilo imodzi, chinthu chimodzi. Tebulo la ma queue si la kumeneko. Kuyambira kernel 5.10 pali sysfs_emit, imene imadziwa yokha malire a page. Imafuna kuti muipatse chiyambi chenicheni cha buffer, ndipo mukaipatsa buf + len imachenjeza osalemba kanthu, choncho popitiriza kulemba mugwiritse ntchito sysfs_emit_at. Ngati mukumangira kernel yakale yopanda zimenezi, scnprintf ndi PAGE_SIZE zikwanira. Musalembe 4096 pamanja, pa arm64 page ikhoza kukhala 16 KB kapena 64 KB.

Popeza yanu ndi driver ya netiweki, mwina malo enieni a ziwerengerozi ndi ethtool -S, kumene anthu oyendetsa maseva amayamba kuyang'ana. Kumenekonso kuli maenje awiri. Dzina la counter iliyonse lili ndi malo a mabayiti 32, ETH_GSTRING_LEN, ndiye dzina lalitali lophatikiza nambala ya queue likalembedwa ndi sprintf limalowerera m'dzina lotsatira. Ma kernel atsopano ali ndi ethtool_sprintf yothandiza pamenepa. Dzenje lachiwiri lilibe printf n'komwe: kernel imakonza malo potengera nambala imene get_sset_count yanena, kenako get_strings ndi get_ethtool_stats zimadzaza. Zitatuzi zikasiyana powerengera, mwachitsanzo ina ikuwerenga ma queue onse otheka pamene ina ikuwerenga ogwira ntchito okha, mwalemba kunja kwa malo. Zonse zitatu zizitenga chiwerengero pa function imodzi.

Musaiwalenso %s. Ngati mukusindikiza dzina kapena version yochokera ku firmware ya khadi, palibe chikutsimikizirani kuti ili ndi ziro kumapeto. Ipatseni malire ndi %.*s, apo ayi printf idzapitiriza kuwerenga mpaka itakumana ndi ziro kulikonse kumene ali.

Poyesa, musadikire seva yaikulu kuti ikuuzeni. Mangani kernel yoyesera yokhala ndi KASAN, imene imagwira kuwerenga ndi kulemba kunja kwa malire nthawi yomweyo n'kukuonetsani mzere wake. Mangani driver ndi W=1 muone machenjezo a compiler okhudza sprintf ndi snprintf, ngakhale kuti iyo imaona zokhazo zimene ingawerengere pomanga, loop yodalira kuchuluka kwa ma CPU siyiona. Kenako dzazani ma counter onse ndi nambala yaikulu ya u64 mwadala, yatsani QEMU, pulogalamu yoyerekezera makina, ndi ma CPU ambiri pogwiritsa ntchito -smp, n'kuwerenga fayiloyo ndi cat komanso ndi dd bs=1, kuti muone ngati kuwerenga pang'onopang'ono kukupereka mizere yathunthu. Ngati pali pena pamene mwasiyabe buffer yanuyanu, ichepetseni kufika mabayiti 32 kwa kanthawi kuti njira yodula mawu iyende pamaso panu.

Mukasinthira ku seq_file, ikani show yanu pano pamodzi ndi WARNING ya mu dmesg ija. Ndikufuna ndione mmene mukuwerengera ma counter, chifukwa ngati driver imeneyi idzayendanso pa makina a 32-bit, u64 imawerengedwa m'zidutswa ziwiri, ndipo popanda u64_stats_fetch_begin mukhoza kusindikiza nambala imene theka lake ndi lakale, theka latsopano.