Vinyo wanga wasiya kubwata pa tsiku lachisanu, kodi nditaye?

FUNSO

Zikomo achimwene. Ndine mayi wopuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo ndimakhala ku Liwonde. Mwana wanga amene ali ku Leeds, ku England, atabwera kutchuthi anandibweretsera katoni ya zopangira vinyo kunyumba, yomwe kumeneko amati kit, yotulutsa mabotolo 6. Munali madzi a mphesa okhuthala ngati uchi, timapaketi ta ufa, chigubu cha malita 4.5, kotsekera kokhotakhota kothiramo madzi, ndi kagalasi kakatali kokhala ndi manambala komwe sindinakagwire n'komwe. Ndinasakaniza kumayambiriro kwa Okutobala. Masiku atatu oyamba chigubu chinkabwata usiku wonse mpaka adzukulu ankachita kukachimvetsera, koma pofika tsiku lachisanu chinangoti zii, pamene pepala la malangizo la m'katonimo likunena za masabata awiri. Nditalawa ndinapeza kuti ndi wowawasa, komanso ali mbuu ngati thobwa losungunula. Mnzanga wina akuti ndiwonjezere shuga ndi yisiti ya mandasi, wina akuti zoterezi zimachititsa khungu. Kodi nditaye?

Mayi wa ku Liwonde

YANKHO

Mayi, musataye. Ndipo yisiti ya mandasiyo isiyeni ipange mandasi.

Amene analemba pepala lanulo ankaganizira nyumba ya ku England, yomwe m'kati mwake mumafunda mwina madigiri 20. Inu munayambitsa vinyo ku Liwonde mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Yisiti ndi chamoyo. Imadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya umene mumaumva ukubwata uja, ndipo kukatentha imadya mwaphuma. Ntchito ya masabata awiri ikhoza kutha m'masiku asanu. Ndiye n'kutheka ndithu kuti vinyo wanu wangomaliza kuwira. Koma n'kuthekanso kuti kutentha kunapyola muyeso, yisiti n'kufooka ntchito ili pakati, shuga akadalimo. Yisiti ya mtundu wa EC-1118, yomwe imapezeka m'makatoni ambiri otere, imagwira bwino ntchito mpaka madigiri 30, ndipo chipinda cha malata ku Liwonde chimapitirira pamenepo masana.

Khutu silingakuuzeni kuti pa ziwirizi chachitika n'chiti. Kotsekera kaja, airlock, kamanama. Chivindikiro chikangokhala ndi kampata, mpweya umatulukira m'mbali, madzi a mu airlock osagwedezeka, inu n'kumati zaima pamene zikuwira. Amene anganene zoona ndi kagalasi komwe munakasiya m'katoni kaja. Dzina lake ndi hydrometer.

Kamagwira ntchito chonchi. Madzi a shuga ndi olemera, choncho kagalasiko kamayandama pamwamba. Shuga akamatha kamamira pang'onopang'ono. M'madzi wamba kamaima pa 1.000. Tsiku losakaniza, vinyo wa kit amakhala pakati pa 1.080 ndi 1.095, ndipo akamaliza kuwira amatsika kufika pa 0.996 kapena kucheperapo, chifukwa mowa ndi wopepuka kuposa madzi. Katsukeni, tungani vinyo pang'ono m'chinthu chopapatiza ndi chachitali, kaikenimo, kazunguzeni ndi zala kuti tithovu tichoke, kenako werengani nambala imene yalingana ndi pamwamba pa vinyo. Ilembeni m'kope, monga munkalembera malikisi a ana. Mawa muyezenso, mkuja muyezenso. Mukapeza 0.996 kapena pansi pake masiku atatu motsatizana, wawira ndipo watha. Mukapeza kuti waima pa 1.020 osasuntha, ndiye kuti yisiti yafooka. Zikatero sunthirani chigubu m'chipinda chozizirirapo, chikhazikeni pansi pa simenti, chikulungeni ndi thaulo lonyowa, mutakase pang'ono kuti nsenga za pansi zidzuke, ndipo mudikire masiku awiri. Zikakanika, pamafunika paketi ina ya yisiti ya vinyo. Ya mandasi imawiritsa ndithu, poti mtundu wake ndi umodzimodzi, koma sipirira mowa ukachuluka, sidikha bwino, ndipo imasiya kafungo ka buledi. Kuwonjezera shuga pamene yisiti yalephera kumaliza amene alipo kale ndi kusenzetsa katundu munthu wakomoka.

Ulendo wina mudzayeze tsiku loyamba lomwe. Mukachotsera nambala yomaliza pa yoyamba n'kuchulukitsa ndi 131, mumadziwa mphamvu ya vinyo wanu. Kuchoka pa 1.085 kufika pa 0.995 kumapereka pafupifupi 12 peresenti.

Za kuwawasa musadandaule nazo msanga. Shuga yense akadyedwa, vinyo wamng'ono amawawasa ndipo amaluma lilime chifukwa mpweya ukadali m'kati. Chofunika ndi mphuno. Akamanunkha zipatso ndi yisiti, ali bwino. Akamanunkha viniga wa pa tchipisi, pamenepo ndiye pali maliro, chifukwa tizilombo totchedwa Acetobacter tasandutsa mowa kukhala viniga, ndipo zimenezo sizibwereranso. Tizilomboti timafuna mphepo, ndipo timabwera ndi tintchentche tating'ono tomwe timazungulira nthochi zakupsa. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti muchepetse kuvundukula ndi kulawalawa, komanso muziona kuti madzi a mu airlock sanaume. Ndi dzuwa la kwanulo amauma msanga.

Kuoneka mbuu ndi yisiti yomwe ikuyandamabe. Timapaketi tatsala tija ndi ta ntchito imeneyi, ndipo tili ndi ndondomeko yake. Hydrometer ikatsimikiza kuti zatha, samutsani vinyo ndi kapaipi kupita m'chigubu china choyera, nsenga zitsale pansi. Musapungule ngati madzi a mpunga. Kenako thirani paketi ya metabisulphite, yomwe imateteza vinyo ku mphepo ndi tizilombo, pamodzi ndi ya sorbate, yomwe imaletsa yisiti kuswana. Dziwani kuti sorbate sapha yisiti, ndiye kumuthira vinyo akuwirabe n'kutaya mankhwala. Mukatero takasani mwamphamvu, mphindi zingapo, kangapo patsiku, mpaka thovu litasiya kukwera. Ambiri amachita ulesi apa, ndiye vinyo wawo sayera, chifukwa mpweya wotsalira umanyamula zinyalala kuti zisadikhe. Pomaliza thirani mankhwala oyeretsa, n'kuchisiya chigubucho osachigwedeza kwa sabata kapena awiri. Tsiku lina mudzangoona kuti mukaika chala kuseri kwa chigubu chikuoneka bwinobwino. Ngati m'nyumbamo muli wodwala mphumu, asamayandikire pamene mukusungunula metabisulphite, chifukwa fungo lake limabanikitsa.

Ine ndinaphunzira ndi mabotolo. Vinyo wanga woyamba, wa chidede, ndinamuthira m'mabotolo atangosiya kubwata, poti ndinkafuna akhalepo pa chinkhoswe cha mphwanga. Ndinawabisa m'kabati ya zovala. Patatha masabata awiri, cha m'ma 2 koloko usiku, tinadzidzimuka ndi phokoso ngati mfuti. Mabotolo atatu anali ataphulika, magalasi ali mbwee, ndipo suti yomwe ndinkati ndikavale ku chinkhosweko inali itasanduka yofiirira. Shuga anali akadalimo, yisiti inapitiriza kudya botolo lili chitsekere. Amayi a kunyumba mpaka lero akaona hydrometer amati ndi kagalasi kamene kanabwera suti itapita kale.

Mnzanu wa nkhani ya khungu uja sakunama kuti mowa wina umachititsa khungu, koma walozera nyumba yolakwika. Chimene chimawononga maso ndi methanol, ndipo ngozi zotere zimachitika kwambiri pamene anthu osakhulupirika athira spirit ya m'mafakitale mu mowa wogulitsa. Vinyo wongowiritsa madzi a mphesa amakhala ndi methanol wochepa kwambiri, mofanana ndi vinyo wa m'sitolo. Musamutcheze ngati kachasu, ndipo mumwe podziwa kuti mphamvu yake imaposa kawiri mowa wa m'botolo.

Chimene chimawononga vinyo wa ongoyamba kumene kawirikawiri ndi uve wosaoneka. Chilichonse chokhudza vinyo, kaya paipi, supuni, botolo, hydrometer ngakhale manja anu, chitsukidwe kenako chiviikidwe m'madzi a metabisulphite. Jiki musagwiritse ntchito, chifukwa akatsalira pang'ono pokha amabweretsa kafungo ka chinyontho. Chigubu chomwe munali mafuta ophikira ayi, ngakhale mutachitsuka kakhumi, ndipo mthiko wa nsima usayandikire, poti mtengo umasunga tizilombo m'ming'alu. Madzi osakanizira muziwawiritsa n'kuwasiya azizire.

Mukathira m'mabotolo, pepala likhoza kunena kuti mutha kumwa pompo. Ine ndingati bisani mabotolo anayi pamalo amdima ndi ozizira kwa miyezi itatu, chifukwa kuluma kuja kumachepa. Ndipo mwana wanu akadzatumizanso katoni ina, mudzayambitse mu Meyi kapena Juni, kunja kutazizira.