Waya Wosataya Magetsi: Bwanji Sitiuona pa Mapolo Athu?

FUNSO: Akonzi, ndinamva pa wailesi kuti pali zitsulo zina zimene zikazizira kwambiri zimadutsitsa magetsi popanda kutaya mphamvu ngakhale pang'ono, komanso kuti makina a MRI a m'zipatala amadalira zimenezi. Ngati n'zoona, bwanji mawaya oterewa sagwiritsidwa ntchito potumiza magetsi kuchokera ku Nkula kudzafika kuno kumpoto, m'malo moti mphamvu zizithera panjira? Ana a m'kalasi mwanga andifunsa ndipo ndikufuna ndiwayankhe zolondola. Mphunzitsi wa sekondale, Mzimba.

YANKHO: Aphunzitsi, zimene munamvazo n'zoona, ndipo asayansi amazitchula kuti superconductivity. Waya wamba, kaya wa kopa kapena wa aluminiyamu, amakaniza magetsi akamadutsa, ndipo mphamvu ina imasanduka kutentha. N'chifukwa chake tchaja cha foni chimafunda mukachigwira. Koma zitsulo zina zikaziziritsidwa kufika pa mlingo winawake, kukaniza kuja kumatheratu mwadzidzidzi, moti magetsi amene mwawalowetsa m'waya wolumikizidwa mozungulira amangozungulirabe kwa zaka popanda batire. Vuto lagona pa kuzizirako, chifukwa sikuti ndi kuzizira kwa mufiriji kapena kwa pa Nyika m'mwezi wa June.

Amene anatulukira zimenezi ndi Heike Kamerlingh Onnes wa pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands, ndipo n'zofunika kudziwa kuti iye anayamba ndi kugonjetsa kuzizira kenaka n'kupeza zinazo. Mu 1908 anakhala munthu woyamba kusandutsa mpweya wa helium kukhala wamadzimadzi, zomwe zimachitika pa madigiri 269 kunsi kwa ziro, kungotsala madigiri 4 okha kuti mufike pamene kuzizira kumathera. Mu April 1911, ataika mercury, chitsulo chomwe chimakhala chamadzimadzi, m'kuzizira kumeneku, anaona kuti yasiyiratu kukaniza magetsi. Analandira mphoto ya Nobel mu 1913, koma panapita zaka zambiri anthu asakumvetsa chochititsa, mpaka mu 1957 pamene John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer anafotokoza kuti m'kuzizira koteroko ma electron, tizidutswa tonyamula magetsi m'waya, amayenda awiriawiri mogwirizana, ndipo sasokonezekanso ndi kunjenjemera kwa maatomu a chitsulocho.

Kusunga kuzizira kotere ndi ntchito ya mainjiniya payokha, ndipo ndi pamene ndalama zambiri zimalowera. Kutentha kumafunafuna polowera paliponse: m'zitsulo zogwiriziza, m'mawaya olowetsa magetsi, ngakhale kudzera m'kuwala kosaoneka ndi maso kochokera ku makoma ofunda. Njira yake ndi yofanana ndi ya fulasiki ya tiyi, imene inachokera pa chiwiya chomwe James Dewar anapanga mu 1892 posungira mipweya yamadzimadzi: makoma awiri, pakati pake atapopamo mpweya wonse, mkati mwake monyezimira. M'makina akuluakulu amawonjezeramo timapepala tonyezimira tambirimbiri tosanjikiza, komanso firiji yapadera yogwira ntchito usana ndi usiku. Firijiyo imadya magetsi kwambiri, pakuti kuchotsa wati imodzi yokha ya kutentha pamalo ozizira ngati helium wamadzimadzi kumafuna mawati mazana angapo a magetsi.

Ndiye n'chifukwa chake luso limeneli lakhazikika pamene palibe njira ina yabwino, makamaka pa maginito amphamvu kwambiri. M'makina ambiri a MRI, omwe amajambula mkati mwa thupi, muli waya wa chitsulo cha niobium wosakaniza ndi titanium wotalika makilomita ambiri, wokulungidwa ngati mkombero n'kumizidwa mu helium wamadzimadzi, amene m'makina ambiri amaposa malita 1,000. Akangolowetsamo magetsi tsiku loika makinawo, amachotsa zolowetserazo ndipo maginitoyo amakhala amphamvu nthawi zonse, ngakhale usiku chipinda chitatsekedwa. Ichi n'chifukwa chake ogwira ntchito amakufunsani mobwerezabwereza za makiyi, ndalama zachitsulo, mapini a m'tsitsi ndi zitsulo zoikidwa m'thupi, ndipo ndikupempha aliyense wowerenga kuti aziyankha moona, chifukwa maginitowa amatha kukoka silinda ya okosijeni n'kuiulutsa. Kachigawo kakang'ono ka waya kakafunda, kamayambanso kukaniza magetsi, kutentha kumafalikira m'masekondi ochepa, ndipo helium amawira n'kutuluka pa paipi yopita kunja ngati utsi woyera. Lita imodzi imasanduka malita oposa 700 a mpweya. Ngozi imeneyi amaitcha quench.

Ngakhale akatswiri a ku CERN, malo akuluakulu ofufuzira za tizidutswa ta maatomu kumalire a Switzerland ndi France, ngoziyi inawagwera. Makina awo a Large Hadron Collider, omwe ali m'ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, ali ndi maginito akuluakulu 1,232 okhotetsa njira ya tizidutswa ta maatomu, ndipo amasungidwa pa madigiri 271 kunsi kwa ziro. Pa 19 September 2008, patangopita masiku ochepa chiwayatsireni, malo amodzi olumikizira mawaya pakati pa maginito awiri anapsa, matani angapo a helium anatuluka mwamphamvu, maginito 53 anafunika kutulutsidwa, ndipo makinawo anaima kupitirira chaka.

Chiyembekezo chinakula mu 1986 pamene Georg Bednorz ndi Alex Müller, ofufuza a kampani ya IBM ku Zürich, anapeza kuti zinthu zina zoumba zokhala ndi kopa ndi okosijeni zimasiya kukaniza magetsi pamalo osazizira kwambiri ngati kale. Chaka chotsatira gulu la Paul Chu ndi Maw-Kuen Wu ku America linapeza china chogwira ntchito pa madigiri pafupifupi 180 kunsi kwa ziro. Phindu lake linali lakuti tsopano nayitulojeni wamadzimadzi, amene amawira pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, akanatha kukwanira. Ameneyu ndi wotchipa chifukwa amatengedwa mumpweya womwe timapumawu, ndipo ndi yemwe uja alangizi a ziweto amasungiramo umuna wa ng'ombe zamkaka. Helium yekha ndi wosowa, amapezeka pamodzi ndi gasi wa pansi pa nthaka m'mayiko ochepa monga America, Qatar ndi Algeria. Komabe zoumbazi n'zosachedwa kuthyoka, ndipo panatenga zaka zambiri kuti aphunzire kuzipaka mopyapyala pa timalamba tachitsulo totha kupindika.

Mawaya otumiza magetsi oterewa alipo ndithu, koma ndi aafupi. Mumzinda wa Essen ku Germany, mu 2014 anayamba kugwiritsa ntchito chingwe cha kilomita imodzi choziziritsidwa ndi nayitulojeni, cholumikiza masiteshoni awiri a magetsi pakati pa tauni, pamene malo okumba ndi ochepa koma ofuna magetsi ndi ochuluka. Kuchoka ku Nkula kufika ku Mzimba ndi makilomita mazana angapo, ndipo mtunda wonsewo pangafunike paipi yosalowa kutentha, mapampu ndi mafiriji apafupipafupi, zonse zodalira magetsi osazimazima komanso amisiri ozisamalira. Kuona kwanga, ndalama zoterozo zingapindule kwambiri zitapita ku mizere ya mavoti okwera ndi mathiransifoma abwino, pakuti kukweza mavoti kumachepetsa kwambiri mphamvu zotayika m'waya wamba.

Popeza mwalemba muli ku Mzimba, auzeninso ana anuwo kuti niobium, chitsulo chimene chili mumtima mwa maginito a MRI ndi a ku CERN, chimapezeka m'miyala ya ku Kanyika m'boma lanu lomwelo. Pakali pano niobium wambiri padziko lonse amachokera ku Brazil, ndipo gawo lalikulu limapita kolimbitsira zitsulo zomangira milatho ndi mapaipi, pamene lochepa chabe, loyengedwa bwino kwambiri, ndi limene limasanduka waya wa maginito.