Funsani Dokotala: Mwana wanga ali ku Joni, dzino lamutupitsa tsaya koma akuopa chipatala

Adokotala, ndine mayi wa ku Chipoka kuno ku Salima. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 27 ali ku Joni, amagwira ntchito m'shopu ku Mayfair. Dzino lakumapeto la m'munsi linayamba kumuwawa mu June. Mnzake anamugawira makapisozi, likaleka, pakapita masiku n'kuyambiranso. Pano akuti silikupweteka kwenikweni, koma tsaya limatupa n'kuphwa, ndipo m'kamwa mumatuluka timadzi tonunkha. Masiku a m'pasipoti mwake anatha, ndiye akuopa kuti akapita kuchipatala amugwira n'kukamutsekera ku Lindela, kumene amasunga alendo oti abwezedwe kwawo. Akuti adzachotsetsa akabwera mu December. Achimwene anga akuti ndi tinyongolotsi ta m'dzino, timutumizire nthula zouma pa basi kuti afukize tituluke. Nanga makapisozi ndimutumizire amtundu wanji? Mayi wodandaula, Chipoka.

Mayi, musatumize makapisozi, ndipo nthulazo zisiyeni kutchire komwe zili. Ndawerenga kalata yanu kawiri, ndipo ndikuona kuti chimene chikukusowetsani tulo si dzino lokha. Mukuopa kuti mwana amene amakutumizirani ya feteleza ndi ya sopo abwera atamangidwa, kapena abwera ali m'bokosi. Mantha onse awiri ndi omveka. Koma pa nkhani imene mwandifotokozerayi, chimene chili pafupi kwambiri ndi mwana wanu si galimoto ya apolisi, ndi mafinya amene ali pansi pa dzino lakelo.

Mawu amene andidetsa nkhawa ndi oti silikupwetekanso. Inu mwina munapuma mpweya wabwino mutamva zimenezo. Ine ayi. Dzino lili ndi chikamba cholimba kunja, ndipo mkati mwake muli kachipinda ka mtsempha ndi timitsinje ta magazi. Bowo likafika ku kachipindako munthu amalira usiku wonse, ngakhale madzi a mumtsuko amakhala mdani. Pakapita masabata mtsemphawo umafa, ndipo chakufa sichimva kuwawa. Apa m'pamene anthu ambiri amati achira. Koma tizilombo timapitiriza ulendo, kutsika ndi muzu mpaka ku fupa la nsagwada, n'kupanga chithupsa. Chithupsacho chikadzadza tsaya limatupa. Chikapeza kanjira pa nkhama mafinya amatulukira m'kamwa, tsaya n'kuphwa. Timadzi tonunkha timene mwana wanu akunenato ndi mafinya amenewo. Kuphwako si kuchira, ndi mtsuko wodzadza umene ukutayikira pang'onopang'ono pamene mpopi sunatsekedwe.

Tsopano tikambe za malume akewo ndi tinyongolotsi tawo, chifukwa ndikudziwa kuti ndikangoti si zoona mudzawauza, iwo n'kuyankha kuti anationa ndi maso awo. Ndipo sakunama, anaonadi kanthu. Kachitidwe kake ndimakadziwa: njere zimaikidwa pa phale kapena pa chitsulo chamoto, wodwala n'kuyasamula pa utsi atafunda nsalu, pansi pali mbale ya madzi. Akavundukula, m'madzimo mumayandama tinthu toyera topindika. Aliyense m'nyumbamo amawomba m'manja kuti zatuluka.

Tinthu timeneto tachokera m'njere, sitinachoke m'kamwa. Mkati mwa njere ya nthula muli kamtima koyera kopindika, kamene kakanamera n'kukhala mtengo. Njere ikapsa imaphulika, kamtimako n'kudumphira m'madzi. Ngati malumewo akukana, apempheni achite mwambo wonsewo pakhonde popanda wodwala aliyense, angovindikira phalelo ndi beseni. Tinyongolotsi titulukabe. Ndiye muwafunse kuti beseni limadwala dzino liti.

Musawaseke kwambiri, chifukwa chikhulupiriro chimenechi si cha ku Chipoka kokha. Anthu a ku Babulo wakale analemba za nyongolotsi ya m'dzino pa mapale a dothi, ndipo ku Ulaya nako ankafukiza njere za chitsamba china chapachibale ndi nthula n'kumaonetsa odwala tinthu toyera tomweto. Zinatenga zaka zambirimbiri kuti bodzali ligwe. Mu 1890 dokotala wa mano wina dzina lake Willoughby Miller anaonetsa kuti chimene chimaboola dzino ndi asidi wopangidwa ndi tizilombo ta m'kamwa tikadya shuga ndi zotsalira za chakudya. Tizilomboto ndi tating'ono kwambiri moti diso silingatione popanda makina, ndipo utsi suzitulutsa. Ine ndayang'ana m'kamwa mwa anthu ambiri, ana ndi agogo omwe, ndipo nyongolotsi sindinaipezemo. Zimene ndapezamo ndi nkhama zopsa ndi utsi, ndi mankhwala a mutu amene anthu amapaka pa dzino, ngakhale ndi madzi a batire. Ku Joni kuli kaufa ka mutu kotchedwa Grand-Pa kamene anzathu amakonda kuthira pabowo. Muli asipirini m'menemo, ndipo asipirini akakhala pa nkhama amawotcha n'kusiya chilonda choyera. Mumuuze asayerekeze.

Nanga bwanji ena amati atafukiza anapeza bwino? Chifukwa kuwawa kwa dzino kumabwera n'kupita kokha, ndipo pomaliza mtsempha umafa monga ndanenera. Chimene munthu anachita tsiku limene ululu unaleka ndi chimene chimalandira ulemu.

Za makapisozi ndikudzudzulani pang'ono, inu ndi mnzake wowolowa manjayo. Mankhwala amayenda ndi magazi, ndipo mkati mwa dzino lakufa simufikanso magazi. Choncho makapisozi amangophwetsa kutupa kwa m'mbali, chisa cha tizilombo n'kutsala chili chonse. Munthu akamamwa awiri lero, atatu sabata yamawa, osadziwa ndi dzina lake lomwe, akuphunzitsa tizilomboto kupirira, ndipo tsiku limene mankhwalawo adzafunike kuti apulumutse moyo akhoza kukana kugwira ntchito. Kuyambira June mpaka lero, mwana wanu wakhala akuthira madzi pa utsi, moto uli m'kati mwa denga.

December ali kutali. Dzino lakumapeto la m'munsi lili ndi mizu yoyandikana ndi pansi pa lilime ndi khosi. Mafinya akalowera kumeneko, kutupa kumakankhira lilime m'mwamba n'kutseka njira ya mpweya, ndipo zimenezi zimatha kuchitika pa tsiku limodzi kapena awiri, kwa mnyamata wamphamvu amene dzulo lake amanyamula makatoni. Taganizirani zimenezi zitamuyambira ali m'basi pakati pa Beitbridge ndi Nyamapanda, kapena pa mzere ku Tete, pa ulendo wa masiku awiri. Choncho mumuuze momveka bwino: thupi likatentha, kutupa kukatsikira pansi pa chibwano kapena kukwera kufupi ndi diso, kukamwa kukamakana kutseguka, malovu akamavuta kumeza, mawu akasintha kapena kupuma kukamabanika, asadikire kuti kuche. Apite ku chipatala chachikulu, mbali ya odwala mwadzidzidzi, nthawi yomweyo. Ambulansi kumeneko amaiitana pa 10177, kapena pa 112 ndi foni ya m'manja.

Tifike pa nkhani ya mapepala, pakuti ndi imene yamumanga miyendo. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi. Mawuwo akuti munthu aliyense, sakuti nzika yokha. Lamulo lawo la zaumoyo la 2003 limaika chithandizo choyambirira cha m'makiliniki a boma kukhala chaulere, komanso limalamula ogwira ntchito zachipatala kusunga chinsinsi cha wodwala. Kalaliki adzamufunsa chitupa ndi kumene amakhala kuti amutsegulire fayilo. Atenge pasipoti yomweyo ngakhale masiku anatha, ndi kakalata kochokera kwa mwini nyumba kapena kwa bwana wake kosonyeza kumene amagona. Namwino si wa Home Affairs, ofesi ya boma yoona za mapepala a alendo.

Sindikubisirani kuti zolembedwa ndi zochitika pageti nthawi zina zimasiyana. Kwakhala magulu a anthu amene amaima pakhomo la makiliniki ena n'kumabweza alendo, ndipo pali akalaliki ena a pakamwa powawa. Ku zipatala zazikulu mlendo akhozanso kulipitsidwa. Akabwezedwa pa geti lina asakangane nawo, asabwererenso kukagona, apite kwina tsiku lomwelo. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Si kiliniki iliyonse imene ili ndi mpando wa mano. Afunse pa kiliniki yapafupi kuti a mano amapezeka kuti ndipo tsiku liti, kapena afunse Amalawi anzake kumpingo, kumzikiti kapena pa gulu la WhatsApp la anthu akumudzi. Pakati pawo sipangalephere wina amene anachotsetsapo dzino. Alawire m'mamawa, chifukwa malo ambiri a boma amawerenga anthu ochepa patsiku ndipo wofika dzuwa litakwera amauzidwa kuti abwere mawa. Ku Parktown, mkati mwa chipatala cha Charlotte Maxeke, kuli chipatala cha mano cha yunivesite ya Wits, kumene ophunzira amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi akuluakulu awo. Zovuta zimatumizidwa kumeneko, ndipo kalata yochokera ku kiliniki imathandiza kutsegula chitseko. Kwa ena amene ana anu ali ku Cape Town, chonga chomwechi chili ku Tygerberg ndi ku Mitchells Plain pansi pa yunivesite ya Western Cape, ndipo ku Pretoria nakonso kuli cha yunivesite ya kumeneko.

Koma ine ndikanakhala inu, Mayi, ndikanachita china. Ndikanamuuza kuti mwezi uno asatumize kalikonse kunyumba, ndalamayo apite nayo kwa dokotala wa mano wolipira. Kumeneko chachikulu chimene amafuna ndi malipiro. Mwina mwana wanu sakuopa apolisi okha. Akuopanso kutaya tsiku la ntchito ndi kukukhumudwitsani inu pa ya kumapeto kwa mwezi. Ana ambiri kunjaku amapirira matenda chifukwa cha mauthenga a kumudzi oti chimanga chatha. Mukamumasula ndi pakamwa panu, apita.

Asanakhale pa mpando afunse mtengo wa zinthu zitatu padera: kuonedwa, kujambula dzino, ndi kuchotsa. Aimbe malo awiri kapena atatu, mitengo imasiyana. Aonetsetse kuti ndi dokotala weniweni. Madokotala a mano kumeneko amalembetsa ku bungwe la HPCSA, ndipo dzina la munthu likhoza kufufuzidwa pa intaneti. Timashopu ta m'misewu timene amavekamo mano agolide, ndi anthu ozula mano m'zipinda zogona, awalambalale. Chitsulo chosaphikidwa bwino chimapatsira matenda a chiwindi ndi ena oyenda m'magazi. Ngati Chingerezi chimamuthawa akakhala ndi mantha, apite ndi mnzake, ndipo akangonena mawu oti abscess, kutanthauza chithupsa, akuloza tsaya, amumva. Anene zoona zonse: makapisozi amene wamwa, ngati ali ndi shuga kapena BP, ngati akumwa ma ARV kapena mankhwala ena, ngati mankhwala ena anamuwengapo, ngati magazi amachedwa kuleka akadzicheka.

Chimene chidzachitike n'chachidule kuposa mantha ake. Adzamujambula, adzamubaya jakisoni wa dzanzi pa nkhama, ndipo adzamva kukankha koma osati kudula. Mwina adzamuuza kuti dzinolo likhoza kupulumutsidwa poyeretsa mkati mwa mizu n'kumata, koma njira imeneyo ndi yodula ndipo imafuna kubwererako kangapo. Kwa dzino lakumapeto lomwe lafika pamenepa, kuchotsa si manyazi. Ngati kutupa n'kwakukulu akhoza kuyamba atulutsa mafinya ndi kumupatsa mankhwala oyenera, n'kumuuza tsiku lobwerera. Abwererekodi, ngakhale atamva bwino. Apa m'pamene ambiri amathawira.

Podikira tsikulo, panado awiri pa maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 patsiku, ndipo asaphatikize ndi kaufa ka mutu kaja chifukwa namonso muli panado. Ngati alibe zilonda za m'mimba kapena vuto la impso, akhoza kuwonjezera bulufeni atadya. Achukuche madzi ofunda a mchere, theka la sipuni yaing'ono m'kapu. Asathowe tsaya ndi nsalu yamoto.

Akachotsa, alume kathonje kwa mphindi 30. Tsiku limenelo asachukuche, asalavulelavule, asagwire pabalapo ndi chala kapena lilime, chifukwa magazi amene aundana m'dzenjemo ndiwo chivindikiro cha chilonda. Ngati amasuta, apirire masiku angapo, pakuti fodya ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimachititsa kuti dzenje liyambe kuwawa koopsa tsiku lachitatu. Adye phala lozizirirapo, atafunire mbali inayo, ndipo mawa lake ayambe kuchukucha madzi a mchere pang'onopang'ono. Magazi akapitirira kutuluka kapena kutupa kukakula, abwerere komweko. Apemphenso kalata ya dokotala yokaonetsa kwa bwana wake kushopu.

Muimbireni madzulo ano pa vidiyo, osati uthenga wolemba, kuti muone nkhope yake. Mumuuze ayasamule n'kulowetsa zala zitatu choimika pakati pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi, kenako amwe madzi inu mukuona. Zala zikakana kulowa kapena madzi akamavuta kutsika, apite kuchipatala usiku womwewu. Zikatheka bwinobwino, mugwirizane tsiku la sabata ino, ndipo mumuuze akutumizireni chithunzi cha khadi la kuchipatala akatuluka. Malumewo ngati nawonso ali ndi dzino limene amalifukiza chaka ndi chaka, ku chipatala cha boma ku Salima kuli chipinda cha mano, atengeni mupite nawo.