Musagule throttle musanayeze mawaya

Achimwene, mwati Vitz yanu ikamakwera chitunda cha Khwekhwelele imangofooka, check engine n'kuyaka, mukaponda moto osayankha, koma mukathimitsa n'kulizanso imabwerera mwakale. Makaniko akuti mugule throttle ina, kachipangizo kolowetsa mpweya mu injini. Ine ndikuti ndalamazo zisatuluke kaye m'thumba.

Throttle ya galimoto zimenezi ilibe kebulo yochokera kuphazi ngati zakale zija. Mukaponda, uthenga umapita ku kompyuta, ndipo kompyutayo ndi imene imatsegula kachitseko ka mpweya ndi kamota. Pa pulagi pake pali mawaya 6: awiri a kamota, anayi a masensa awiri oyendera mavoti 5. Masensawo akasemphana zonena, kompyuta imadula mphamvu dala kuti galimoto isathawe nanu. Ndiye waya mmodzi akamangogunda n'kusiya, zizindikiro zake n'chimodzimodzi throttle yakufa.

Zinandionekera ine. Yanga inandifookera pa Lizulu nditanyamula mbatata, ndinathamangira ku Lilongwe kukagula throttle yogwirapo kale ntchito. Sabata isanathe, vuto lomwe lija. Titasenda tepi tinapeza waya ataduka mkati, kunja akuoneka bwinobwino, pafupi penipeni ndi pulagi. Timano ta pulagiyo tinali titabiriwira. Nkhungu ya kuno ku Dedza, kutsuka injini ndi payipi, mabampu a misewu ya fumbi, zonsezi zimadya mawaya pang'onopang'ono. Ngati mumaimika pafupi ndi nkhokwe, makoswenso muwaganizire. Mpaka lero ndalama ija imandiwawa.

Pitani kwa wamagetsi a galimoto amene ali ndi makina oyezera. Makinawo akaonetsa nambala ya vuto P2135, ndiye kuti masensa aja sakugwirizana, sikuti throttle yafa ayi. Injini ikulira, agwedeze mawayawo mmodzimmodzi. Ikasintha kaliridwe, mwampeza wakubayo. Aonenso waya wa efi (earth) ngati wamangika bwino. Polumikiza awotcherere, asangopota n'kukulunga tepi, chifukwa mvula ikadzayamba mudzaliranso.



Mawaya akapezeka abwino, pamenepo gulani. Nyamulani yakaleyo mukafananize nambala yolembedwa pamwamba, chifukwa Vitz zili ndi injini zosiyanasiyana, ndipo akamanga aiphunzitsenso kompyuta kuti injini izilira mokhazikika ikaima.