Ndayamba kupeza bwino, ndisiye mankhwala a chithokomiro?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa zaka 36 amene amagwira ntchito mu ofesi. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Miyezi inayi yapitayo adokotala anandiuza kuti chithokomiro changa chafooka, ndipo anandipatsa levothyroxine wa 50 mcg kuti ndizimwa m'mawa uliwonse. Kale ndinkangokhala wotopa, ndinkadzimbidwa, tsitsi linkathothoka, ndipo ndinkavala juzi ngakhale mu Okutobala. Panopa ndikupeza bwino kwambiri. Apongozi anga akuti mankhwala akumwa moyo wonse amaononga chiwindi, bola ndisiye ndiyambe azitsamba. Piritsilo ndimamwera tiyi wamkaka, kenako ndimadya phala la soya. Ine ndi bambo akunyumba tikufunanso mwana wina. Kodi ndisiye?"

Mayi, musasiye. Kupeza bwino kumeneko ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito, osati woti chithokomiro chachira. Zili ngati dimba m'chilimwe: ndiwo zikabiriwira chifukwa mukuthirira, sindiye kuti mvula yabwera. Mukaleka kuthirira, zifota.

Chithokomiro ndi kachiwalo kakang'ono kamene kali kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Kamatulutsa mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amalamula liwiro la ntchito za thupi: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kuyenda kwa chakudya m'matumbo, kakulidwe ka tsitsi ndi khungu, ngakhale msambo. Akachepa, zonse zimayenda mwaulesi, n'chifukwa chake munkazizidwa anzanu akutuluka thukuta. Levothyroxine ndi T4 yemweyo, wopangidwa ku fakitale koma wofanana ndendende ndi amene thupi lanu linkapanga. Thupi limamusandutsa lokha kukhala T3 malinga ndi mmene likufunira.

Apongozi anu akuyankhula mwachikondi, ndipo nkhawa yawo si yachabe, chifukwa alipodi mankhwala ena amene amalemetsa chiwindi akamwedwa nthawi yaitali. Koma awa sali m'gulu limenelo. Mukamamwa mlingo woyenera, mukungobwezera m'magazi chinthu chimene chinayenera kukhalamo kale. Palibe chitsamba chimene chili ndi homoni imeneyi. Madokotala anayamba kuthandiza odwala matendawa kalekale. Mu 1891 dokotala wa ku England, George Murray, anabaya mayi wina wodwala kwambiri madzi ochokera ku chithokomiro cha nkhosa, ndipo mayiyo anakhala zaka zina zoposa 20 akulandira chithandizocho. Mu 1914 Edward Kendall wa ku Mayo Clinic ku America anakwanitsa kupatula homoniyo payokha. Lero levothyroxine ali pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe la WHO.

Kodi ndi a moyo wonse? Kwa ambiri, inde. Zimatengera chimene chinafooketsa chithokomirocho. Ngati ndi matenda a Hashimoto, amene chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro pang'onopang'ono (anawafotokoza ndi dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, mu 1912), kapena ngati anachichotsa pa opaleshoni, mankhwalawa mudzakhala nawo mpaka kalekale. Koma pali amayi ena amene chithokomiro chimasokonezeka miyezi ingapo atabereka n'kudzabwerera chokha m'malo mwake. Afunseni adokotala kuti vuto lanu linachokera kuti. Ngati pali mwayi woti n'lakanthawi, iwo ndiwo adzachepetse mlingo n'kumayeza magazi. Zimenezo sizipangidwira kunyumba.

Chimene chimapusitsa anthu n'choti mankhwalawa amachedwa kutha m'thupi. Pamatenga pafupifupi sabata imodzi kuti theka lokha lichoke m'magazi. Ndiye munthu akasiya lero, sabata yoyamba amamva bwinobwino, yachiwiri chimodzimodzi, n'kumauza anzake kuti wachira. Kutopa kuja kumabwerera mwakachetechete patapita mwezi kapena iwiri, ndipo munthu amaganiza kuti n'chifukwa cha ntchito, ana, kapena malungo.

Tsopano mbali ya kalata yanu imene yandidetsa nkhawa kuposa za apongozi ndi ya tiyi ndi phala. Levothyroxine ndi mankhwala osachedwa kusokonezeka m'mimba. Akakumana ndi zakudya zina amakakamira kwa izo n'kutuluka nazo osalowa m'magazi. Mkaka uli ndi calcium, amene amachita zimenezo. Soya amachitanso chimodzimodzi, ndipo khofi ndiye amadziwika nazo kwambiri. Choncho ikani botolo la madzi ndi mapiritsi pafupi ndi bedi. Mukadzuka, imwani piritsi ndi madzi okhaokha, kenako kasambeni, konzekeretsani ana, sitani zovala. Pakatha mphindi 30, kapena ola lathunthu ngati mungathe, imwani tiyi wanu ndi phala. Phalalo musalisiye ayi, ndi chakudya chabwino. Lingopatsani mpata.

Ngati m'mawa mwanu mumakhala mothamanga kuti mupeze minibasi, mukhoza kumamwa usiku pogona, bola papite maola atatu kuchokera pamene munadya nsima. Sankhani nthawi imodzi n'kukhazikika pamenepo. Ndipo poti mwakhala mukumwera tiyi miyezi yonseyi, mukasintha kamwedwe, mankhwala ambiri ayamba kulowa m'magazi kuposa kale. Auzeni adokotala za kusinthaku kuti akuyezeninso pakapita masabata 6 mpaka 8.

Pali mankhwala ena ofunika kuwatalikitsa ndi maola anayi: mapiritsi owonjezera magazi a iron, a calcium, ndi aja otafuna kapena a madzi oyera ochepetsa chilungulira, monga magnesium trisilicate, amene ambiri timangogula pa famase popanda kufunsa. Ena sakakamirana nawo m'mimba koma amachititsa chiwindi kuwatha msanga. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, ndi mmodzi mwa iwo, komanso mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone. Munthu amene wayamba mankhwala oterewa nthawi zambiri amafunika kumuwonjezera levothyroxine. Paliponse pamene akukulemberani mankhwala atsopano, tsegulani buku lanu lakuchipatala muwaonetse, musadikire kuti akufunseni.

Nanga mlingo woyenera amaudziwa bwanji? Amayeza TSH. Imeneyi ndi homoni yochokera ku kachiwalo kena ka pansi pa ubongo, ndipo ntchito yake ndi kukalipira chithokomiro kuti chigwire ntchito. T4 akachepa, TSH amakwera. Akachuluka, TSH amatsika. N'chifukwa chake pepala la zotsatira limasokoneza anthu: nambala yokwera imatanthauza kuti mankhwala akuchepa. M'malabu ambiri mulingo wabwino umakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0, ngakhale labu iliyonse imalemba malire ake pambali. Akasintha mlingo amadikira masabata 6 mpaka 8 asanayezenso, ndipo zikakhazikika, kamodzi pachaka n'kokwanira kwa ambiri. Si chipatala chilichonse chimene chimayeza TSH, ndipo kolipira mtengo wake umaluma, koma ndalama imeneyo ndi yaphindu kuposa ya mavitamini odula amene amalonjeza kukonza chithokomiro. Ndipotu mavitamini a tsitsi ndi zikhadabo okhala ndi biotin amatha kunamiza makina oyezera, choncho amene amamwa aziwasiya masiku awiri kapena atatu asanakayezetse.

Munthu wamkulu amene chithokomiro chake chinasiyiratu kugwira ntchito amafunika pafupifupi 1.6 mcg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Wolemera makilogalamu 65 akhoza kufika pa 100 mcg. Choncho akadzakukwezerani mlingo musadzadandaule kuti matenda akula. Okalamba ndi odwala mtima amawayambitsa pa 25 mcg n'kumakweza pang'onopang'ono.

Musadziwonjezere nokha. Ndikudziwa kuti ena amachita zimenezi pofuna kuchepetsa thupi, ndipo n'zoopsa. Mankhwalawa akachuluka mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta limangotuluka, tulo timasowa. Zikapitirira, mtima umayamba kugunda mosalongosoka ndipo mafupa amafooka, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena mtima ukudumphadumpha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya mwana, apa ndiye kusiya kungakhale kulakwitsa kwakukulu. Chithokomiro chofooka chosalandira chithandizo chimasokoneza msambo, chimachedwetsa kutenga pakati, ndipo chimawonjezera ngozi yopita padera. M'miyezi itatu yoyambirira mwana wa m'mimba amakhala asanayambe kupanga homoni yakeyake, ubongo wake umadalira T4 wa mayi. Kayezetseni TSH musanatenge pakati. Madokotala ambiri amafuna kuti akhale pansi pa 2.5. Mukangodziwa kuti muli ndi pakati, kaonaneni ndi adokotala sabata yomweyo, osadikira tsiku loyamba la sikelo, chifukwa thupi limafuna mankhwala owonjezera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo, ndipo kufunikako kumayamba msanga. Ndi bwino mugwirizane nawo panopa zoti mudzachite tsiku limenelo likadzafika. Kusikelo adzakupatsani mapiritsi owonjezera magazi. Muzidzamwa masana kapena madzulo, kutali ndi levothyroxine. Mukadzabereka mlingo umabwerera mwakale, ndipo kuyamwitsa kulibe vuto lililonse.

Wina akhoza kukuuzani kuti muzingodya mchere wa ayodini wambiri. Mchere wa ayodini ndi wofunika pabanja, unathandiza kwambiri kuchepetsa zotupa za pakhosi, ndipo pitirizani kuugwiritsa ntchito mwachizolowezi. Koma ngati chithokomiro chinawonongeka, ayodini sangachidzutse, ndipo kwa odwala Hashimoto ayodini wochuluka amatha kuwonjezera vuto.

Zotsalazi n'zazing'ono. Mukaiwala kumwa n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani. Mukakumbukira mawa lake, imwani la tsikulo basi. Mapiritsi musawasunge pawindo, kubafa kapena m'galimoto, amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi. Ku famase akakupatsani mtundu wina, mwachitsanzo Euthyrox m'malo mwa Eltroxin, mankhwala ake ndi amodzi, koma onetsetsani kuti nambala ya mcg ndi yomweyo, ndipo mukaona kusintha m'thupi kayezetseni. Gulani ena paketi isanathe, makamaka ngati mukupita kumudzi kukakhalitsa.

Za apongozi, musakangane nawo. Pa ulendo wotsatira wakuchipatala pitani nawo limodzi, kapena pitani ndi bambo akunyumba kuti akamve okha n'kukawafotokozera mayi awo. Mudzawauzenso kuti mankhwalawa ndi amene athandize kuti mdzukulu amene akumudikirayo abadwe wathanzi.